Gombe la Durban kwa Munthu Wapansi Wochokera ku Springfield

Amene amagwira ntchito m'mashopu akuluakulu, m'mafakitale ndi m'nyumba zosungiramo katundu ku Springfield, mumzinda wa Durban, ali pamtunda wa makilomita ochepa chabe kuchokera kunyanja yamchere ya Indian. Mtsinje wa Umgeni, womwe umadutsa kuseri kwa mipanda ya mafakitalewo, ukangokhota kangapo wafika kale kumatsiriro ake pa Blue Lagoon. Komabe abale athu ambiri a ku Mangochi, Mzimba ndi Mulanje amene akusoka zovala, kusenza katundu ndi kulondera m'derali, nyanjayo amangoionera pawindo la tekisi. Ena anapitako tsiku la Chaka Chatsopano, pamene anthu amadzadza gombe mpaka mchenga osaoneka, nabwerako akuti kunyanja n'kwaphokoso. Tsono tione bwino nkhani iyi: kodi munthu wotereyu angathe kudzuka m'mamawa, kumanga nsapato, n'kutsata gombe wapansi tsiku lonse monga amachitira alendo m'maiko ena?

Maulendo otere ndi otchuka kwina. Pachilumba cha Santorini ku Greece pali njira ya makilomita pafupifupi 10 yochoka m'tauni ya Fira kukafika ku Oia, yodutsa pamwamba pa phompho limene linatsala phiri lamoto litaphulika zaka zoposa 3,500 zapitazo. Anthu amakwera ndege kuchokera ku America ndi ku Asia kuti akayende maola atatu kapena anayi panjira imeneyi. Kuno ku South Africa kuli Otter Trail ku Tsitsikamma, ulendo wa masiku asanu wofunika kulembetsa kudakali miyezi yambiri, ndiponso njira za ku Wild Coast, monga yochoka ku Port St Johns kupita ku Coffee Bay. Chimene chimatchukitsa njira zoterezi si kukongola kokha. N'chakuti sizidukiza: ukayamba uku, palibe mpanda kapena chipata chokubweza mpaka ukafike uko. Ngakhale ku Greece komweko zimenezi sizibwera zokha. M'chaka cha 2023 anthu a pachilumba cha Paros anachita zionetsero chifukwa eni mabala ndi mahotela anali atadzaza magombe ndi mipando yolipiritsa, nzika n'kusowa poyala nsalu. Ku Durban njira ilipo, ndipo ndi yaulere, koma ili m'zidutswa. Chidutswa chovuta kwambiri ndi choyambirira, cha ku Springfield komweko.

Dera lathyathyathya limene pano pali mashopu ndi magalaji kale linali dimba. Amwenye amene anamaliza zaka zawo za kontrakiti m'minda ya nzimbe anakhazikika m'mbali mwa mtsinje, namalima ndiwo zamasamba zokagulitsa mumzinda. Mudzi wawo wa nyumba zamalata unkatchedwa Tin Town. Kumapeto kwa October 1917 kunagwa chimvula cha masiku angapo, Umgeni unasefukira usiku, ndipo anthu mazana anamira. Asodzi asanu ndi mmodzi achimwenye, otsogozedwa ndi Mariemuthoo Padavatan, anabwera ndi boti lawo lopalasa lokokera makoka kunyanja, nalowa m'madzi olusawo maulendo asanu, n'kupulumutsa anthu 176. Mpaka lero amakumbukiridwa ndi dzina lakuti Padavatan Six. Ndikutchula zimenezi chifukwa woyenda wapansi ayenera kudziwa nthaka imene akuiponda. Springfield ndi chigwa cha mtsinje, ndipo akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Mu April 2022 mvula yoposa mamilimita 300 inagwa tsiku limodzi m'madera ena a Durban, anthu oposa 400 anafa m'chigawo cha KwaZulu-Natal, ndipo Umgeni unatenganso malo ake akale. Amene anaona zimene namondwe wa Freddy anachita ku Chilobwe ndi ku Mulanje chaka chotsatira safuna kuwafotokozera zambiri.

Kuchoka ku Springfield kupita kumatsiriro, wapansi amadalira kwambiri misewu ya galimoto. Angatsate Umgeni Road kutsidya la kummwera, m'munsi mwa nkhalango yaing'ono ya Burman Bush, kapena kuoloka pa mlatho wa Connaught n'kutsika ndi Riverside Road kutsidya la kumpoto. Njira yachiwiriyi ndiyo yabwino kwa maso. Imadutsa pa Umgeni River Bird Park, malo osungira mbalame amene anatsegulidwa mu 1984 pamene kale ankaphwanyapo miyala, ndipo mtsinje umayamba kutambasuka. Madzi akaphwa pamatuluka zilumba zamatope pomwe pamatera akakowa ndi avuwo, ndipo nthawi zina munthu amamva kulira kwa nkhwazi, mbalame yomwe ija ya kunyanja kwathu. Bungwe la Green Corridors, lomwe limagwira ntchito ndi khonsolo ya mzindawu ya eThekwini, lakhala likulambula tinjira m'mbali mwa mtsinjewu, ndipo lili ndi malo ake pa Blue Lagoon pomwe munthu angafunse za operekeza, njinga kapena bwato. Koma chilungamo chake n'chakuti gawo la ku Springfield lidakali la malole. Pali malo amene msewu wa oyenda pansi umangothera pathengo, pali zinyalala zotayidwa usiku, ndipo mafakitale ambiri anaufulatira mtsinje.

Ukafika pa Blue Lagoon zinthu zimasintha. Apa ndi pomwe umathera mpikisano wa mabwato wa Dusi, umene unayamba mu 1951, wochokera ku Pietermaritzburg, mtunda wa makilomita pafupifupi 120. Loweruka ndi Lamlungu mabanja amaotcha nyama pakapinga, asodzi a mbedza amandanda pamiyala kudikira nsomba ya shad, ndipo pali ogulitsa chinanazi chothira tsabola. M'bandakucha umapeza a mipingo ya Zioni atavala zoyera ndi zobiriwira akubatiza, ena akutunga madzi amchere m'zigubu kupita nawo kwawo. Pamenepa woyenda ayenera kusankha: kummwera kapena kumpoto.

Kummwera n'kosavuta, ndipo ndi kumene ndingalangize aliyense woyamba kumene. Pali khwalala lalikulu la oyenda pansi, lowaka bwino, lomwe linakonzedwa pokonzekera mpira wa World Cup wa 2010. Mu November 2019 analitalikitsa mpaka pakhomo la doko, moti tsopano ndi makilomita pafupifupi 8 osaoloka msewu wa galimoto. Kudzanja lamanja ukuona uta wautali wa bwalo la Moses Mabhida, kenako Suncoast, Battery Beach, Bay of Plenty, North Beach, South Beach, Addington, mpaka uShaka Marine World. Okoka marikisho ovala zipewa za mikanda ndi nyanga adakalipo, ntchito imene inayamba m'zaka za m'ma 1890. Kumathero ukhoza kuima n'kumaona sitima zikuluzikulu zikulowa padoko mwakachetechete, doko lomwelo limene kumatsikira galimoto ndi katundu wambiri wopita ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Pali zimbudzi, mipopi ya madzi, apolisi ndi opulumutsa anthu m'madzi. Loweruka lililonse m'mawa pamakhala parkrun ya ku North Beach, makilomita 5 othamanga kapena kuyenda, osalipira kanthu. Ena anganene kuti kuyenda pa simenti si ulendo weniweni. Ine sindivomereza. Munthu amene waimirira masiku asanu ndi limodzi pamakina osokera, akayenda makilomita 16 kupita ndi kubwera mphepo yamchere ikumuomba, wayenda ulendo, ndipo thupi lake limadziwa.

Khwalala limeneli silinali la aliyense kuyambira kale. Lamulo la 1953 lolekanitsa malo a anthu potengera khungu linagawa ngakhale mchenga. Magombe abwino apakati anali a azungu okha, ndipo panali zikwangwani zonena zimenezo m'Chingerezi, m'Chiafrikaans ndi m'Chizulu. Amwenye, makaladi ndi anthu akuda anakankhidwira cha kumpoto, kufupi ndi matsiriro a Umgeni, n'chifukwa chake Blue Lagoon mpaka lero ili pamtima pa mabanja achimwenye. Pulezidenti wa nthawiyo, F.W. de Klerk, analengeza kuti magombe atsegulidwe kwa onse mu November 1989, ndipo lamulolo linathetsedwa mu 1990. Agogo amene mumawaona atakhala pabenchi ku North Beach akuyang'ana zidzukulu zikusewera m'mafunde, ena mwa iwo anakula akuthamangitsidwa pamalo omwewo. Mu 2008 dziko lino linakhazikitsa lamulo la kasamalidwe ka magombe, lomwe limati gombe ndi chuma cha anthu onse chimene boma limangosunga m'malo mwawo, ndipo makhonsolo ayenera kusiya njira zofikira kumadzi. Ndikaganiza za kwathu ku Mangochi ndi ku Salima, kumene mipanda ya makoteji ndi mahotela imatsika mpaka kumadzi, msodzi n'kumazungulira kutali kuti akafike padooko la makolo ake, ndimaona kuti pamenepa pali choti tiphunzire. Nyanja ya Malawi ili ndi njira zokongola zedi, monga ija ya m'mapiri a pakati pa Usisya ndi Ruarwe, koma kumene kuli ndalama gombe likutsekeka pang'onopang'ono.

Kumpoto ndiye kuli ulendo wa mchenga weniweni. Ukangooloka mtsinje pa mlatho wa msewu wa M4, wafika pa Beachwood Mangroves, dambo lotetezedwa la mahekitala 76 lomwe limayang'aniridwa ndi bungwe la Ezemvelo KZN Wildlife. Kwa zaka zambiri akhala akulitsegulira anthu wamba Loweruka lachitatu la mwezi, m'mawa, choncho ndi bwino kufunsiratu. Malowa ndi oyenera kuwachedwera, pakuti kwathu kulibe mitengo yotere. Mangrove ndi mtengo umene umamera m'matope a madzi amchere, pomwe mtengo wina uliwonse ungafote. Pano pali mitundu itatu, woyera, wakuda ndi wofiira. Woyerawo umatulutsa timizu tambirimbiri toloza kumwamba ngati mphukira za chimanga, ndipo ndi timene umapumira, chifukwa m'matopemo mulibe mpweya. Wakudawo mbewu yake imamera idakali pamtengo, kenako imagwa n'kudzizika yokha m'thope. Anamanga kanjira ka matabwa kodutsa pamwamba pa dambolo. Ukaima chete, matope amayamba kuyenda: tinkhanu tatimuna ta dzanja limodzi lalikulu tikukupiza dzanjalo poitana tatikazi, tinsomba tokwawa pamtunda ndi zipsepse, ndi tinkhono timene timakwera m'mitengo madzi asanabwere. Apa mwambi uja wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha umakwanira ndendende. Wofulumira amangoona thope.

Kuchoka pamatsiriro kukafika ku Umhlanga ndi makilomita opitirira pang'ono 10, kudutsa kuseri kwa bwalo la ndege la Virginia, Glenashley ndi La Lucia. Palibe khwalala, ndi mchenga wokhawokha, ndipo m'malo ambiri ndi wokhuthala, wotsetsereka, womiza phazi. Kilomita imodzi pamenepa imalemera kuposa ziwiri za pa simenti. Chizindikiro chakuti wafika ndi nsanja yoyera ya mutu wofiira, ya nyali yolondolera sitima, yomwe inamangidwa mu 1954. Amene mphamvu zatsala apitirire ndi khwalala la ku Umhlanga mpaka ku Umhlanga Lagoon Nature Reserve, kankhalango ka mahekitala 26 komwe kuli apusi, agwape ndi mbawala, ndiponso mulu wa zigoba za nkhono zam'nyanja zimene anthu akale ankadya zaka mazana ambiri mzindawu usanakhalepo.

Kwa ife amene tinakulira m'mbali mwa nyanja ya Malawi pali ngozi imodzi yobisika: timaganiza kuti madzi timawadziwa. Choyamba, nyanja yathu ili ndi mwera ndi mpoto, koma sidzadza ndi kuphwa tsiku ndi tsiku. Yamchereyi imadzadza kawiri n'kuphwa kawiri pa tsiku chifukwa cha kukoka kwa mwezi, ndipo mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangooneka kumene, kusiyana kwake kumafika pafupifupi mamita awiri. Mchenga umene unali wotambasuka m'mawa ukhoza kumira masana, munthu n'kupanikizidwa pakati pa mafunde ndi chitunda. Woyenda wanzeru amayang'ana nthawi ya kuphwa pafoni kapena m'nyuzipepala, nanyamuka madzi akutsika, pamene mchenga wonyowa uli wolimba. Chachiwiri ndi mkokomo wa madzi obwerera. Mafunde akaswa pagombe, madziwo amafuna pobwerera, ndipo amadzipangira mpata wopapatiza wothamangira kunyanja. Pamalo potero madzi amaoneka odekha, akuda pang'ono, opanda thovu, ndipo mlendo amasankha pomwepo kuti asambe. Ngakhale katswiri wosambira wa ku Nkhotakota sangalimbane nawo molunjika. Chofunika n'kusambira chopingasa, motsata gombe, mpaka utuluke mumpatamo. N'chifukwa chake amati sambani pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu, pomwe pali opulumutsa anthu. Maukonde otchinga shaki, amene anayamba kuikidwa ku Durban mu 1952, ali pamagombe osankhidwa okha. Pakati pa Beachwood ndi Umhlanga, pamalo opanda mbendera, nyowetsani mapazi basi.

Za nyengo sindichulutsa. Kuyambira December mpaka March kumatentha ndi chinyontho chomata thupi, ndipo mchenga umaotcha dzuwa likangokwera. Miyezi ya May mpaka August ndiyo yabwino: kumwamba kumayera, mvula ndi yochepa, ndipo madzi sazizira kwenikweni chifukwa cha mtsinje wam'nyanja wofunda wa Agulhas wochokera cha ku Mozambique. M'miyezi ya June ndi July nthawi zina kumabwera khamu la nsomba za sadini kuchokera kummwera, anthu n'kumathamangira kugombe ndi mabeseni. Madzi akumwa, chipewa ndi kakamba n'zosaiwala.

Tsopano nkhani yowawa, ya madzi enieniwo. Chigumula cha 2022 chinaphwanya mapaipi, mapampu ndi malo oyeretsera zonyansa za m'zimbudzi, ndipo zambiri mwa izo zinali zitatha kale chifukwa chosakonzedwa. Zonyansazo zinalowa mu Umgeni ndi m'mitsinje ina, n'kukathera kunyanja. Kuyambira pamenepo magombe akhala akutsekedwa ndi kutsegulidwa malinga ndi kuchuluka kwa tizilombo ta E. coli, ndipo oyandikana ndi matsiriro a Umgeni ndiwo amavutika kawirikawiri. Chaka cham'mbuyo mwake, pa zipolowe za July 2021, zomwe zinasakazanso mashopu a ku Springfield, nyumba yosungiramo mankhwala a ulimi ya kampani ya UPL ku Cornubia inatenthedwa. Poizoni anatsika ndi mtsinje wa Ohlanga, napha nsomba ndi nkhanu ku Umhlanga Lagoon, magombe a kumpoto n'kutsekedwa miyezi ingapo. Mvula ikagwa kwambiri, m'mawa mwake mchenga wa pa Blue Lagoon umadzadza mabotolo, matewera ndi mapepala a pulasitiki. Mabungwe monga The Litterboom Project amatchera mipaipi yoyandama m'mitsinje kuti ikole zinyalala zisanafike kunyanja, ndipo a Adopt-a-River amatola ndi kuyeza madzi. Ntchito yawo ndi yotamandika, koma sangalowe m'malo mwa khonsolo. Woyenda wochokera ku Springfield amaona nkhani yonseyi ndi maso ake, kuyambira pamene botolo lagwera mungalande mpaka pamene lakatuluka pamchenga, chinthu chimene mlendo wogona kuhotela ya kugombe sachiona. Malangizo ake ndi achidule: kuyenda yendani, koma musasambe pafupi ndi matsiriro, makamaka mvula itangogwa, ndipo werengani zikwangwani.

Chomwe chimatsekereza abale athu kwambiri si mchenga kapena E. coli, koma mantha. Sitinaiwale 2015, pamene anthu obwera anathamangitsidwa ku Isipingo ndi madera ena n'kukagona m'matenti ku Chatsworth, boma la Malawi n'kutumiza mabasi. Mu March 2019 Amalawi a ku Burnwood, ku Sydenham, pafupi kwambiri ndi Springfield, anathawira kupolisi usiku. Munthu amene anaona zotere amaphunzira kuyenda njira imodzi yokha, ya kuntchito ndi kunyumba, ndipo amene mapepala ake sali bwino amaopa ngakhale yunifolomu ya wopulumutsa anthu m'madzi. Mantha amenewa ndi omveka, ndipo sindingauze munthu kuti angowataya. Palinso achifwamba wamba, amene amalanda mafoni m'malo opanda anthu monga kuseri kwa Virginia ndi m'tinjira ta m'mbali mwa mtsinje, osasankha mtundu. Chothandiza n'chimene timachidziwa kale kwathu: ulendo wautali suyendedwa ndi munthu mmodzi. Magulu athu a mpingo, a kumzikiti ndi a chipereganyu amakumana kale Lamlungu lililonse. Anthu khumi oyenda pamodzi m'mawa, foni zili m'thumba, ndi ovuta kuwaputa. Kulinso makalabu akale a oyenda maulendo, monga Durban Ramblers, amene amalandira alendo ndipo amadziwa malo oyenera kupewa.

Kutsidya la doko kuli phiri lalitali la Bluff, lomwe wapansi sangalifike potsata gombe chifukwa khomo la doko limadula njira. Pamafunika tekisi yozungulira. Ndi ulendo wa tsiku lina, koma kwa ife uli ndi tanthauzo lapadera. Mu 1873 sitima ya nkhondo ya Britain inatsitsa ku Durban anthu amene inawalanditsa m'zombo za ogulitsa akapolo. Ambiri anali Amakua a kumpoto kwa Mozambique, abale enieni a Alomwe athu. Anakhazikika ku Kings Rest pa Bluff, namanga mzikiti, ndipo patapita nthawi Ayao ochokera ku Nyasaland anadzakhala nawo n'kukwatirana nawo. Boma la tsankho linawasamutsira ku Chatsworth, komwe zidzukulu zawo zimadziwika ndi dzina lakuti Zanzibari, koma manda a makolo awo adakali pa Bluff. Paphiri lomweli panali fakitale yophera anamgumi, ntchito imene inachitika ku Durban kuyambira 1908 mpaka 1975. Lero anamgumiwo achulukanso, ndipo kuyambira June mpaka November amadutsa kupita kumadzi ofunda a ku Mozambique kukaswana, n'kubwereranso ndi ana awo. Munthu ataima pamwamba pa Brighton Beach kapena Ansteys angawaone akupemerera madzi m'mwamba popanda kulipira boti.

Chimene chikusoweka kuti zidutswa zonsezi zikhale njira imodzi si chinthu chachikulu poyerekeza ndi ndalama zimene zinalowa pakhwalala la kugombe. Pakufunika kanjira kowaka, kokhala ndi magetsi ndi alonda, kotsata Umgeni kuchokera ku Springfield mpaka pa Blue Lagoon, kolumikizana ndi malo okwerera matekisi, ndiponso mapampu a zonyansa amene akugwira ntchito. Anthu a ku Kennedy Road, Quarry Road, Clare Estate ndi Sea Cow Lake ndiwo ayandikana kwambiri ndi mtsinjewu, ena mwa iwo ndiwo amayamba kukokoloka ukasefukira, ndipo ambiri a iwo alibe galimoto yowafikitsa ku Umhlanga. Eni mafakitale a ku Springfield Park, amene mipanda yawo yagunda m'mbali mwa madzi, angathe kuyamba ndi kusamalira gawo loyang'anizana ndi malo awo, khonsolo n'kulumikiza zotsalazo.